Kuweta Madzi

Mayi eni nyumba akuti ndikuweta madzi.
Anabwera kudzatenga za lendi,
nasuzumira m'thanki yagalasi
imene Twaibu wa mawindo anandimatira,
naona mchenga, miyala isanu,
paipi yoduka ndi phale la mtsuko.
"Nsomba zake zili kuti, Che Jafali?"
Ndinati zilimo, nkholokolo zitatu.
Anaseka mpaka kugwira felemu la chitseko.
"Ku Mangochi kuno?
Zobaya zija asodzi amatukwana powonjola?"

Zilimo.
Kungoti masana sizifuna diso la munthu.
Ukaona ndevu imodzi itatulukira m'paipi
ngati ulusi wotsala pa msoko,
tsiku limenelo wapata.
Ukatsokomola, ulusi walowa.
Ukakoka mpando, walowa.
Wakabaza akaliza belu kumsewu wa kwa Mponda,
ngakhale mchenga umakhala ngati wagwira mpweya.

Ndaphunzira kunyang'ama m'nyumba yangayanga,
kutseka chitseko ngati muli wodwala,
kugonetsa madzi a pampopi masiku awiri
kuti fungo la mankhwala lithe,
kuduladula nyongolotsi ndi lezala
n'kuziponya nyali nditazimitsa.
Mu Okutobala, malata akamalira ndi dzuwa,
ndimafunditsa thanki chiguduli chonyowa,
ine mwini ndikuyenderera thukuta.
M'mawa chakudya chimakhala chatha.
Zikomo wake ndi ameneyo.

Asiyatu anabwera kuchokera ku Namwera
itatha sadaka ya mayi ake,
ndi jumbo ya zovala ndi nsapato za sukulu m'manja.
Zaka zisanu ndi zinayi.
Amayankha ndi mutu,
amadya atayang'ana khoma.
Aneba akuti mufunseni, mutulutseni,
akasewere fulaye ndi anzake,
mwana sakhala chonchi.

Koma ine ndinalakwapo kale.
Chaka chatha ndinachotsa paipi ndi phale
kuti alendo aone zimene ndinagula.
Zinayi panthawiyo.
Zinapanikizana pakona, zitatuwa,
zosadya mlungu wathunthu.
Nditabwezera zonse, imodzi sinaonekenso,
ndipo ndinaiwerengera kwa akufa.
Yamanyazi ukailanda pobisala, waipha.
Ukaipatsa mapanga ambiri
mpamene imayesa kutuluka.

Choncho ndinakhoma misomali iwiri pakona ya pabalaza,
n'kupachika chitenje cha malemu mlongo wanga,
mkeka kuseri kwake.
Sindinanene kanthu.

Lachitatu magetsi anathima pakati pa usiku.
Chinandidzutsa ndi kachete wa pampu,
thovu litasiya kubwata.
Ndinapapasa kapu yoti ndizitunga
n'kumathira kuchokera m'mwamba
kuti zipume.

Ndinamupeza atakhala pa simenti,
tochi ya foni yanga ataiphimba ndi chikhatho,
kuwala kukudutsa m'zala zake
kofiira ngati khala lotsala m'mbaula.
Ndipo zonse zinali panja:
mawanga, ndevu zikusesa mchenga,
ina ikuyenda chagada pansi pa nkhope ya madzi
ngati munthu wosadziwa kuti pali omuona.

Ndinaima pamenepo, kapu m'manja,
udzudzu ukundidya akakolo,
osayerekeza kuwomba.

"Amalume," anatero osacheuka,
mawu osasa ngati loko wa dzimbiri,
"si zitatu.
Kuli ina yaing'ono, yoduka ndevu.
Imatuluka zinzake zikakhuta."

Ndinawerenga. Ndinawerenganso.

Tinasinthana kapu mpaka mwazini
anaitana ku mzikiti wa kumsika,
ndipo sanalankhulenso china.

Lero mayi eni nyumba adutsanso,
aona mchenga, miyala, paipi,
apukusa mutu.
Aona chitenje pakona, afunsa ngati ndayanika.
Ndati eya.
Pansi pake panatulukira chala chimodzi chakuphazi.
Sindinatsokomole.